Tsiku Limene a Neville Anadandaula

Lamulungu lililonse masana, banja la a Prosser linkadyera pamodzi m'nyumba yawo ya malata, kumapeto kwa tauni ya Hillston kumene phula limathera n'kuyamba fumbi lofiira. Tsiku limenelo mayi wa pakhomopo, a Lorraine, anali ataotcha mwendo wa nkhosa pamodzi ndi mbatatesi ndi maungu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Kirrily, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Griffith, analowa atakolekera chikwama chodzaza mapepala, n'kuchikhazika pampando wa bambo ake. Sikuti unali mwano. Mpandowo unali utatha miyezi isanu ndi itatu osamva kutentha kwa mwini wake. Bambowo, a Neville, ankadya chiimire, mbale atayisanjika pamwamba pa kabati, dzanja limodzi litagwira khoma.

"Adadi, takhalani pansi tikambirane," anatero Kirrily.

"Lankhula mwanawe, ine sindimvera kumatako."

"Akuti chakudya chimatsika bwino akaimirira," anatero a Lorraine akudula nyama, osadzutsa n'komwe mutu. "Ndinakwatiwa ndi munthu ine, lero ndikudya ndi hatchi."

A Neville anali atameta nkhosa kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi. M'masiku a mphamvu zawo ankatulutsa nkhosa mazana awiri pa tsiku zili mbuu, ndipo dzina lawo linkadziwika m'mashedi onse ometeramo nkhosa kuchokera ku Hay mpaka ku Cobar. Koma wometa nkhosa amagwira ntchito atapindika ngati chikwakwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo msana suiwala. Dokotala wa m'tauniyo, a Pillai, anali atayesa zonse: opaleshoni, majekeseni, kuwongola thupi mlungu ndi mlungu. Pomaliza anawaonetsa chithunzi cha mafupa a m'chiuno ataperesana ngati mphero yakale, n'kunena mosapita m'mbali kuti, "Apa ndiye pathera nzeru zathu. Mukabwereranso ku shedi, tsiku lina adzakutulutsanimo atakunyamulani, ndipo mwina simudzapondanso pansi."

Mapepala a m'chikwama cha Kirrily anali opempha thandizo limene boma limapereka kwa anthu amene thupi lawo silikuwalolanso kugwira ntchito. Akalipeza thandizolo, a Neville akanatha kukhala pakhomo osaweramiranso nkhosa. Akalephera, lamulo likanawawerengera m'gulu la ofunafuna ntchito, ndipo ntchito imene manja awo ankaidziwa inali imodzi yokha.

"Ndalemba zonse," anatero Kirrily akuyala mapepalawo pakati pa mbale. "Kalata ya a Pillai ndi iyi, zithunzi ndi izi. Ili ndi pepala londilola kukuimirirani, kuti ndizilankhula nawo m'malo mwanu. Inu chanu n'kusaina pamene ndaika kamtanda."

A Neville anawerenga mutu wa pepala loyamba ali patali, n'kupukusa mutu.

"Olumala? Wolumala ndi Stan Gilligan, amene thirakitala inam'dyera mwendo. Ine ndili ndi miyendo iwiri. Za bomazi n'za alesi ogona pa sofa."

"Alesi sataya msana pa nkhosa za eni, adadi."

"Nev, sainani," anatero a Lorraine. "Nyama ikuzizira, ndipo ine mtima ukutentha."

Anasaina, osati chifukwa chovomereza, koma kuti adye mwamtendere.

Ife a kuno tili ndi matenda athu amene saoneka pa chithunzi cha dokotala. Munthu akakupatsa moni n'kufunsa za moyo, yankho ndi limodzi: "Sindikudandaula." Mvula ikakana zaka zitatu, sindikudandaula. Moto ukadya mpanda pamodzi ndi ziweto, sindikudandaula, kwa anzathu zapsa zambiri. Mu shedi ndiye zimanyanya. Amene wanena kuti penapake pakuwawa amapatsidwa dzina, ndipo dzinalo limafika ku shedi yotsatira mwini wake asanamange n'komwe chikwama. Bambo amene anabereka a Neville anameta tsiku lonse nthiti ziwiri zitathyoka, ndipo nkhaniyo inkakambidwa m'banjamo ngati nkhani ya msilikali wopambana nkhondo. Mawu amenewa a Neville anawayamwira, ndipo ankatuluka okha ngati mpweya.

Patapita milungu isanu, ofesi ya boma inawaitana ku Griffith kuti akaonedwe ngati angathe kugwira ntchito. Kirrily anapempha tchuthi cha tsiku limodzi n'kubwera kudzawatenga. Njira yonse ankawabwerezera mawu amodzimodzi ngati mphunzitsi wa katekisimu.

"Akakufunsani, musanene za tsiku limene mwadzuka bwino. Nenani za tsiku loipa. Mwamva, adadi?"

"Ndamva. Yang'ana kutsogolo, ungagunde nyama."

Chimene Kirrily sanadziwe n'chakuti m'mawa umenewo bambo ake anali atameza mapilitsi opha ululu kawiri kuposa muyeso. Anavala shati yawo ya kumaukwati ndi kumaliro, nsapato atazipukuta mpaka kuwala. Atafika, ndodo yoyendera anaisiya m'galimoto. Pakhomo la chipinda chofunsiramo anatembenuka n'kuika dzanja paphewa la mwana wawo.

"Iwe dikira panja pompano."

"Adadi, ine ndine wokuimirirani. Ndili ndi ufulu wolowa."

"Sindine mwana wa sitandade wani woti andiperekeze kwa ahedi. Khala apo."

Kirrily anaona nkhope ya bambo ake, n'kudziwa kuti akaumirira atembenuka ulendo wa kunyumba. Anakhala pabenchi, chikwama chili pamiyendo.

Wowafunsa anali mayi wachitsikana wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anawalozera mpando, ndipo a Neville anakhalapo mowongoka ngati mkwati, ngakhale kuti munali ngati wina wawazika chitsulo chamoto m'chiuno.

"Muli bwanji lero, bambo Prosser?"

"Sindikudandaula, mayi."

"Mungathe kukhala pampando kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Si ndakhala apa? Ndikhoza kukhala mpaka mutaweruka."

"Nanga kuvala, mumavala nokha?"

"Kodi ndikuoneka ngati ndabwera wamaliseche?"

Mayiyo anamwetulira pang'ono n'kulemba. Anafunsa za kuyendetsa galimoto, a Neville anati akhoza kufika ku Darwin, kumapeto kwa dziko, osaima. Anafunsa za kunyamula katundu, iwo anati thumba la simenti amalitcha pilo. Atafunsa ngati angathe kutola chinthu pansi, anagwetsa dala chipewa chawo, anawerama, n'kuchitola akumwetulira. M'maso mwawo munadutsa nyenyezi, koma mano sanaoneke kuti aluma.

Mayiyo anaika cholembera pansi. "Bambo Prosser, kalata ya dokotala wanu ikunena za msana wowonongeka kwambiri. Ine ndiyenera kulemba zimene mwandiuza ndi zimene ndaona. Ndikufunsaninso: pali chimene mumalephera kuchita pakhomo panu?"

Apa ndi pamene panali mpata. Koma a Neville anaona mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, atavala bwino, akuwayang'ana mwachifundo, ndipo chifundocho chinawawawa kuposa msana.

"Madokotala amakonda kukuza nkhani," anatero. "Ine sindikudandaula."

Anatuluka akuyenda ngati msilikali mpaka pagalimoto. Atangotseka chitseko anagona chagada kumpando wakumbuyo, thukuta lili kamukamu, ndipo anakhala chigonere mpaka ku Hillston. Anatha masiku atatu osadzuka pabedi.

Yankho linabwera m'kalata ya masamba anayi. Boma linavomereza kuti msana ndi wowonongeka ndipo sudzachira, koma linati malinga ndi zimene mwini wake ananena ndi kuonetsa, angathe kugwira ntchito maola khumi ndi asanu kapena kuposa pamlungu. Pempho lakanidwa. Kirrily atawerenga anagwira pakamwa. A Neville anatenga kalatayo n'kuimata pachitseko cha firiji ngati setifiketi.

"Mwaona? Ngakhale boma ladziwa kuti ndikadali mwamuna."

"Munawauza chiyani m'chipinda muja, adadi?"

"Zoona zokhazokha."

"Zoona za chaka chiti?"

Mlungu womwewo a Neville anaimbira foni Col Bannister, mnzawo wakale amene ankayendetsa gulu la ometa nkhosa. Col anazengereza, chifukwa nkhani ya msanayo ankaidziwa, koma kukaniza mnzako ntchito kuno n'chimodzimodzi kumuuza kuti watha. Anati abwere azidzangolowetsa nkhosa m'makola, basi, osakhudza makina ometera.

Masiku awiri oyamba anasunga pangano. Tsiku lachitatu wometa mmodzi sanabwere, malo ake anali pululu, makina akulendewera. Pa nthawi ya tiyi wa m'mawa a Neville anawayang'ana makinawo monga mmene munthu amayang'anira chibwenzi chakale.

"Usayerekeze, Nev," anatero Col.

"Khumi zokha, aise. Ndiwaonetse achinyamatawa kametedwe."

Ndipo anawaonetsadi. Ubweya unkasendeka wonse pamodzi ngati bulangeti, opanda bala ngakhale limodzi pakhungu la nkhosa. Anameta khumi, n'kukoka ya khumi ndi chimodzi. Inali nkhosa yamphongo yonenepa, yaukali. Itangokhazikidwa pansi inadzipotokola n'kuponda mwamphamvu. M'chiuno mwa a Neville munalira ngati nthambi youma. Anagwa chammbali pathabwa lamafuta, makina akulira okha m'mwamba, mwendo wamanzere uli zii ngati wa munthu wina.

Wina anazimitsa injini. Amuna asanu ndi awiri anawazungulira, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Col anagwada.

"Uli bwanji, Nev?"

"Sindikudandaula," anatero a Neville, tsaya lili pa ndowe za nkhosa.

Palibe anaseka. Anawagoneka pa chitseko chakale n'kuwanyamula anthu anayi, monga momwe dokotala ananenera.

Anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, koma zala ziwiri zakuphazi sizinadzukenso. A Pillai anangoti, "Uku kunali kugogoda chabe. Ulendo wina sadzagogoda."

Kirrily analibe nthawi yolira. Kalata yokana ija inanena kuti wosakhutira ali ndi milungu khumi ndi itatu yopempha kuti nkhani yake iunikidwenso, ndipo isanu ndi umodzi inali itapita kale. Anapempha zimenezo mosataya nthawi. Anasonkhanitsa makalata a kuchipatala, anakatenga ya dokotala wa opaleshoni ku Wagga Wagga, anapatsa mayi ake kope kuti azilembamo zimene akuona tsiku ndi tsiku. Pa nthawi ya nkhomaliro kuntchito, anzake akudya, iye ankakhala m'galimoto foni ili kukhutu, kumvetsera kanyimbo kodikirira mpaka anakaloweza. Foni ikaduka ankayambiranso. Anali mwana wa bambo ake ndithu: liuma lomwelo, kungoti lake linaloza kolondola.

Pomaliza analankhula ndi wounikanso nkhaniyo, mayi wina wa mawu okhwima dzina lawo a Fenech.

"Mapepala anu ndawawerenga onse, ndipo mwagwira ntchito," anatero a Fenech. "Koma mapepalawa akunena za mafupa. Lamulo silifunsa kuti fupa likuoneka bwanji, limafunsa zimene munthu akulephera kuchita. Pa funso limenelo ndili ndi yankho limodzi lokha la mwini wake, ndipo akuti amatha zonse. Kenaka wakameta nkhosa khumi."

"Ndiye n'zimene zinawagwetsa! Ine ndikhoza kukuuzani mmene amakhalira."

"Mukhoza, ndipo ndilemba. Inu ndinu wowaimirira, mungathe kutumiza mapepala, kufunsa, kutsutsa. Koma mawu anu sangafafanize mawu awo. Ndiyenera kumva kwa iwo eni. Ndidzaimba Lachinayi, teni koloko m'mawa."

Lachitatu masana Kirrily anafika ku Hillston. Anapeza bambo ake atatsamira mzati wa khonde, akuponyera nkhuku zotsala za buledi. Anawafotokozera zonse.

"Si ndinakusainira kuti uzilankhula ndiwe?" anatero a Neville. "Lankhula."

"Ndalankhula mpaka malovu kuuma. Ndalemba, ndayenda, ndaimba. Koma ine sindikhala mumsana mwanumo, adadi. Sindikudziwa zimene zimachitikamo. Simunandiuzepo."

"Ndiye ndikalirire mzimayi wosamudziwa pa foni? Mawa tauni yonse izidzati Prosser wasanduka wolilalira."

A Lorraine anali pakhomo la kukhitchini, chopukutira mbale chili m'manja. Anatuluka pang'onopang'ono.

"Tauni yonse inakuonani mutagona pa chitseko, Nev. Palibenso chobisa." Anapinda chopukutira chija. "Ndikufunseni. Mukadzagwa kachiwiri, adzakutembenuzani pabedi ndani? Col? Bambo anu a nthiti zothyoka aja? Ndine, ndi mapewa angawa a zaka makumi asanu ndi limodzi. Inu mumalimba mtima, koma mtolo wa kulimba mtima kwanuko umagwera pamutu panga. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi sindinakuuzenipo zimenezi. Nanenso ndine wa kuno, nanenso sindidandaula. Lero ndadandaula."

Analowanso m'nyumba. A Neville anapitiriza kunyenya buledi, ngakhale kuti nkhuku zinali zitachoka kalekale.

Lachinayi m'mawa foni inaikidwa pakati pa tebulo la kukhitchini, mawu ake atawakweza kuti onse amve. Kirrily anakhala mbali ina ndi chikwama chake, a Lorraine mbali ina ndi kope lawo. A Neville anaima pakabati, atavala malaya akale a pakhomo, ndodo ili m'manja. Mapilitsi a m'mawawo anamwa pa muyeso wake.

Teni koloko itangokwana foni inalira. A Fenech anadzitchula dzina, anafunsa tsiku lobadwa ndi keyala, kenaka anati, "Muli bwanji, bambo Prosser?"

"Sindiku…"

A Neville anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mwana wawo. Kirrily anatsegula pakamwa kuti awathandize, koma mayi ake anam'gwira dzanja pansi pa tebulo. M'khitchinimo munangomveka firiji. Panja khwangwala analira kawiri.

"Mukundimva, bambo Prosser?"

"Ndikukumvani, mayi. Mundipatse kamphindi. Chimene mukufunachi sindinachichitepo, ndiye sindikudziwa poyambira."

"Yambirani m'mawa. Mukadzuka mumatani?"

A Neville anasendera pafupi ndi foniyo. "Sindidzuka. Ndimagubuduzika. Ndimadzigwetsa pansi pang'onopang'ono kumbali kwa bedi, chifukwa msana sulola kuwongoka mpaka patapita theka la ola. Ndiye chikhodzodzo sichidikira theka la ola." Anayang'ana pansi. "Ndimakwawa, mayi. Ndi manja ndi mawondo, kuchokera kuchipinda mpaka kuchimbudzi. Ndimachita mbandakucha, mayi a kunyumba asanadzuke, kuti asandione. Kanayi konse sindinafike pa nthawi yake. Ndinachapa ndekha m'ndowa kuseri kwa thanki."

A Lorraine anaika dzanja pachifuwa. "Mayo ine. Ine ndimayesa ndi galu akuyenda m'khonde." Misozi inali itayamba kale kutsika, koma pakamwa sipanasiye. "Ndiye n'chifukwa chake mapijama anu amabooka m'mawondo! Ndasoka katatu, ndikumatukwana sitolo."

"Amenewo ndi mayi a kunyumba," anatero a Neville kuuza foniyo. "Muwakhululukire, sanaitanidwe."

"Asiyeni," anatero a Fenech. "Pitirizani. Zimenezi zinayamba liti?"

"Nyengo yozizira ya chaka chatha isanafike. Kale kwambiri ndisanasaine mapepala a mwanayu."

Chitseko chikangotseguka, mphepo imalowa yokha. Ananena kuti masokosi amawaveka akazi awo, ndipo tsiku limene mayiwo apita kutchalitchi m'mamawa, iwo amakhala opanda masokosi. Ananena kuti pampando satha mphindi khumi, kuti galimoto anasiya kuyendetsa kupitirira positi ofesi chifukwa phazi limafa pa buleki, kuti ketulo yodzaza amaikoka patebulo m'malo moinyamula. Ananena kuti sopo akagwa posamba amam'siya pomwepo. Ananena za mapilitsi owirikiza a tsiku la ku Griffith, za ndodo yosiyidwa m'galimoto, za chipewa chija ndi masiku atatu amene chinawagoneka.

"Mtsikana uja sanalakwe," anatero. "Anandifunsa kawiri. Wabodza ndinali ine."

"N'chifukwa chiyani simunamuuze?"

A Neville anatsamira pa ndodo. "Kwathu kuno sitinena, mayi. Tinaphunzitsidwa kuti ukanena, wagonja. Ndiye ndakhala chete mpaka ndagona pa ndowe."

A Fenech anamveka akulemba. Kenaka anati, "Zikomo, bambo Prosser. Sindingakulonjezeni kanthu pa foni. Koma pali chinthu chimodzi. Zimene mwandiuzazi, dokotala wanu akuzidziwa?"

"Amene uja ndimamuuza kuti sindikudandaula."

"Ndiye mukamuuze zonsezi, mmene mwandiuzira ine, kuti azilembe ndi dzanja lake ndi kunena ngati zikugwirizana ndi zimene akuona pa zithunzi. Kalata imeneyo indipeze pasanathe milungu iwiri."

Foni itaduka, Kirrily anatambasula dzanja kuti aimbire kuchipatala. Bambo ake anamuletsa.

"Bweretsa kuno. Nambala yake ndi iti?"

Anaimba okha. Anapita okha m'chipinda cha a Pillai Lolemba lotsatira, ndodo ili m'manja, n'kukhalamo mphindi makumi anayi ali chiimire. Dokotalayo atamva zonse anavula magalasi n'kunena kuti, "Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukufunsani funso limeneli." Kalata imene analemba tsikulo inali ya masamba atatu, ndipo Kirrily anaitumiza madzulo omwewo n'kuimbanso m'mawa mwake kuti atsimikize kuti yafika.

Anadikira milungu itatu. Col anabwera kamodzi ndi mabotolo awiri a mowa, anakhala pakhonde, anakamba za mtengo wa ubweya ndi za mvula. Ponyamuka anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Phewa langali, Nev, usiku silindigonetsa. Usauze munthu." A Neville anam'patsa nambala ya a Pillai.

Kalata inafika Lachiwiri. A Lorraine anaitsegula ndi mpeni wa buledi, n'kuwerenga mokweza mzere woyamba okha. Chigamulo choyamba chasinthidwa. Pempho lavomerezedwa kuyambira tsiku limene linaperekedwa. Anaimbira Kirrily kuntchito, ndipo anamva mwana wawo akukuwa m'khonde la nyumba ya okalamba mpaka wina kum'funsa ngati kwagwa maliro. A Neville anatuluka panja, anaima kuyang'ana kumadzulo kumene kuli mashedi, kwa nthawi yaitali ndithu. Ku shedi sadzabwererakonso, ndipo m'chimwemwe cha tsikulo munali kachisoni kake. Koma anabwerera m'nyumba ndi miyendo yawo iwiri.

M'mawa mwake chakudya cha nkhuku chinali chitatha. A Lorraine anayendetsa galimoto mpaka ku sitolo ya zaulimi, a Neville ali pambali. Mwini sitoloyo, mayi wojintcha wotchedwa Bev, anatulutsa thumba la tirigu wa nkhuku pa wilibala n'kulisiya pafupi ndi galimoto monga ankachitira nthawi zonse, n'kutembenuka kuti azibwerera. Pakhonde la sitoloyo panali alimi atatu akucheza.

A Neville analiyang'ana thumbalo. Manja awo anayamba okha kutambasuka. Kenaka anawabweza n'kugwira ndodo.

"Bev," anaitana mokweza, alimi aja akumva. "Tandikwezera thumbali. Msana wanga sungathe."

Bev anabwerera, analinyamula ngati mwana n'kuliponya kumbuyo kwa galimoto. "Bwenzi mutanena chaka chatha, mdala inu," anatero akudzipukuta m'manja. "Ndimakuonani mukulimbana nalo, koma ndimaopa kukuchititsani manyazi."

Mmodzi wa alimi aja anakweza chipewa pang'ono, n'kupitiriza nkhani yake ya mvula.

Thandizo linalipo nthawi yonseyi, kuseri kwa khomo. Mwana anagogoda mpaka zala kutupa, mkazi anadikira, dokotala anafunsa, ngakhale wa sitolo anali tcheru. Koma loko anali mkati, ndipo akuluakulu sananame pamene anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.